Restic, Borg kapena rclone: zomwe mphenzi ya ku Dedza inandiphunzitsa

Anzanga atatu andifunsa nkhani imodzimodzi mwezi uno, yakuti pakati pa restic, Borg ndi rclone, pulogalamu yabwino yosungira makope a mafayilo kwina ndi iti, ndiye ndati ndiyankhe kamodzi. Pakhomo panga pano pa Dedza boma pali kakompyuta kakale kamene ndinakasandutsa seva, kutanthauza kompyuta yosungiramo mafayilo. M'menemo muli zithunzi za maukwati amene ndimajambula, mabuku a ndalama a pashopu ya mayi a kunyumba, ndi makalata a malo.

Dzinja lina mphenzi inagwa pafupi ndi nyumba. Disiki ya mu seva inapsa, ndipo ina ija ndinkakoperamo inapsanso chifukwa zonse zinali pa soketi imodzi. Mtima unali m'malo poti ndinali ndi kope ku kampani ina ya kunja. Kusunga kumeneko kunali kotchipa zedi, koma nditati ndizitsitsa ndinapeza kuti mafayilo anga anali m'gulu lomwe umayamba walipira kuti awatulutse, n'kudikira maola ambiri, kenako n'kulipiranso pa GB iliyonse yotsitsa. Zonsezi n'za madola, pomwe kwacha inali itangogwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wonjezeranipo bandulo. Mayi a mkwatibwi wina wa ku Bembeke ankaimba tsiku ndi tsiku kufunsa zithunzi za mwana wawo, ine ndili pa tebulo ndi cholembera kusankha mafoda oti ndiwombole ndi oti adikire mwezi wa mawa. Mpaka lero ndikaona malonda a malo osungira otchipa, choyamba ndimafufuza mtengo wotsitsa.

Tsono pa mapulogalamu atatu aja. Onse ndi aulere, ndipo onse amatha kukiya mafayilo asanatuluke m'nyumba mwanu, moti mwini malo osungirawo sangawerenge kanthu.

Rclone imalumikizana ndi malo ambiri monga Google Drive ndi Dropbox, ndipo mbali yake yotchedwa crypt imabisa ngakhale mayina a mafayilo. Koma lamulo lake la sync limafananitsa uko ndi kuno. Mwana akafufuta foda masana, usiku imafufutikanso uko, pokhapokha mutayika --backup-dir, yomwe imasamutsira zofufutidwazo ku foda ina. Ndimaigwiritsa ntchito ponyamula mafayilo basi.

Mpikisano weniweni uli pakati pa Borg ndi restic. Onse amadula fayilo m'tizidutswa n'kutumiza tokhato tomwe tasintha, ndipo kwa ife ogula bandulo ndi pomwe pagona nkhani. Borg inachokera ku pulogalamu ina yotchedwa Attic mu 2015, imapanikiza mafayilo bwino kuti achepe pogwiritsa ntchito njira ya zstd, ndipo pulogalamu yothandizira yotchedwa borgmatic imakupatsani fayilo imodzi yolembamo dongosolo lonse. Imafuna SSH (njira yotetezeka yolowera mu kompyuta ina kudzera pa netiweki) komanso kuti Borg ikhalepo kumbali inayo, ngati mmene zilili pa malo osungira a pa intaneti a Hetzner Storage Box, kumene salipiritsa kutsitsa. Restic ndi fayilo imodzi yoyika pa kompyuta, kukiya kwake kwa njira ya AES-256 sikuzimitsika, ndipo imalemba molunjika ku kompyuta ina kudzera pa SFTP (njira yotumizira mafayilo pa SSH) kapena ku malo osungira a pa intaneti monga S3 ndi Backblaze B2. Kale anthu ankaidandaula kuti sipanikiza, koma izi zinatha ndi mtundu wa 0.14 mu 2022.

Ine ndinatsamira ku restic chifukwa cha magetsi ndi netiweki yathu. Ntchito ikadukira pakati, zambiri zomwe zinakwera kale sizikweranso, imapitiriza ndi zotsala. Borg nayo imayika chizindikiro cha pomwe yafika mphindi 30 zilizonse, ndiye siili kutali. Chomwe chinandikopa n'chakuti pulogalamu imodzi yomweyo ikutumiza kuwiri popanda kupempha chilichonse kumbali inayo.

Koyamba ndi kwa mlamu wanga ku Ntcheu, amene ali ndi sola ndi batire. Ndinamusiyira kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi ndi disiki pamwamba pa kabati, ndipo makina awiriwa amapezana kudzera pa Tailscale, pulogalamu yolumikiza makina anu pa intaneti mwachinsinsi, chifukwa rawuta ya SIM khadi nthawi zambiri siilola kuti wina akupezeni kuchokera kunja. Kope loyamba sindinalitumize pa intaneti. Ndinalipanga pano, disiki n'kuikulunga m'juzi, n'kukwera nayo minibasi ya pa M1 kudutsa pa Lizulu. Mtengo wa minibasi sungafanane ndi wa bandulo yokweza zithunzi za zaka zambiri. Tsiku lina zikadzavuta ndidzakwera minibasi yomweyo kukaitenga. "Alamu, kodi zithunzizi ndingaoneko?" anandifunsa. Ndinawauza kuti popanda pasiwedi m'disikimo muli zinyalala zokhazokha, ndipo n'chifukwa chake sindidandaula ngakhale ana awo ataitenga.

Kwachiwiri ndi Backblaze B2, kumene ndimayika makalata ndi mabuku a shopu okha. Ma GB 10 oyamba ndi aulere, ndipo kutsitsa n'kwaulere mpaka katatu kuchuluka kwa zomwe mwasunga. Zanga sizifika ngakhale pa 10 pamenepo, choncho khadi la ku banki likupuma.

Pa nkhani yoti zizichitika zokha, cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yomwe mwaika, musiyeni. Mukayika 2 koloko usiku magetsi n'kuthima, cron amangodumpha tsikulo osanena kanthu. Timer ya systemd (pulogalamu yoyang'anira ntchito mu Linux) yokhala ndi Persistent=true imagwira ntchito yotsalayo seva ikangoyaka. Mu restic ndimayikanso --limit-upload yochepetsa liwiro lokweza kuti ena m'nyumba asalephere WhatsApp, ndi forget yochotsa makope akale n'kusunga a masiku 7, masabata 4 ndi miyezi 12. Kamodzi pamwezi ndimayendetsa check ndi --read-data-subset pa kagawo kochepa kuti ndione ngati kope silinawonongeke, kenako ndimabweza foda imodzi n'kutsegula zithunzi ndione ndi maso anga.

Ngati muli kale ndi Borg ndipo ikuyenda, musasamuke, palibe chomwe mukutaya. Amene mukuyamba kumene, tengani restic. Pasiwedi yake ikatayika palibe amene angakutsegulireni, ngakhale amene anailemba pulogalamuyo, ndipo ikakhala mu seva mokha idzapsa nayo limodzi. Yanga ndinailemba pa mapepala awiri: lina lili m'chikwama cha makalata a malo, lina lili kwa mayi anga ku Linthipe.