Kuyeza agalu matenda akumtundu: mmene zikuchitikira kuno ku Britain

Abale kumudziko, kuno ku Britain woweta agalu a mtundu wa Irish Setter sakweretsa galu wake asanadziwe ngati ali ndi mbewu ya matenda otchedwa CLAD. Ndi matenda akumtundu ofoola chitetezo cha m'thupi. Maselo oyera a m'magazi amakhalapo ochuluka zedi, koma amalephera kutuluka m'mitsempha kukafika pamene pali tizilombo. Kamwana ka galu kamatupa mchombo, nkhama zimachita zilonda, kamatentha thupi n'kumatsimphina. Bala silipola, koma mafinya osaoneka. Mankhwala amangochepetsa kwa kanthawi, ndipo ana ambiri safika miyezi 6.

Chovuta n'chakuti make ndi bambo wake amaoneka athanzi. Aliyense amanyamula jini imodzi yolakwika (jini ndi kachidutswa ka chibadwa komwe mwana amatengera kwa makolo), ndiye mukawakweretsa, mwana aliyense ali ndi mwayi umodzi mwa inayi wotenga zonse ziwiri n'kudwala. Jiniyi inadziwika mu 1999 ku Sweden, ndipo kuyambira 2005 bungwe lolembetsa agalu kuno la Kennel Club linasiya kulembetsa ana a mtunduwu osatsimikizika kuti alibe mbewuyi.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Dokotala wa ziweto amayamba wawerenga nambala ya microchip, kachipangizo kozindikiritsa galu koikidwa pansi pa khungu, kuti zotsatira zisapite kwa galu wina. Kenako amatenga magazi pang'ono, kapena kupukuta mkati mwa tsaya ndi kamtengo kokhala ndi thonje kunsonga kwa masekondi 30. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Galu asadye kwa ola lathunthu. Ngati akadayamwa, mum'patule kwa make ndi abale ake kwa ola kapena awiri, chifukwa mkaka ndi malovu a anzake zimasokoneza DNA, yomwe ndi imene amayeza pofufuza jiniyo. Thonjelo liume kaye pamphepo musanaliike mu envelopu ya pepala. Mukalitsekera mu pulasitiki lili lonyowa limachita chuku, labu n'kulikana.

Zotsatira zimabwera patatu: alibe, wonyamula, kapena wodwala. Amayezedwa kamodzi kokha moyo wake wonse, ndipo ana obadwa kwa makolo awiri opanda mbewuyi safunikanso kuyezedwa. Wonyamula sadwala, ndipo ndi galu wabwinobwino wosunga pakhomo, asakweretsedwe ndi wonyamula mnzake basi.

Inu amene mumagula German Shepherd wolondera nyumba, dziwani kuti mtunduwu uli ndi matenda ake ofanana nawo, a jini ina, omwe amachititsanso kuti magazi asaleke msanga galu akavulala. Funsani wogulitsayo satifiketi ya makolo onse awiri, ndipo nambala ya microchip yolembedwapo igwirizane ndi ya kholo lomwe linayezedwalo.