Dummy plug ya HDMI: kachipangizo kabwino, ogulitsa ake ndiwo vuto

Nyenyezi zinayi mwa zisanu ndikupereka kwa kapulagiko, kachipangizo kobaya pa doko la HDMI (polumikizira monita) kuti kompyuta iziona ngati ili ndi monita. Shopu ya ku Limbe imene inandigulitsa ndikuipatsa imodzi, ndipo imodziyo ndi ya mayi wa pa kauntala basi.

Kompyuta yathu ya maakaunti imakhala pansi pa tebulo ku hadiweya ya achimwene ku Lilongwe, yopanda monita chipsereni yakale ija. Ine ndimailowera pa AnyDesk, pulogalamu yogwiritsira ntchito kompyuta uli kutali, ndili kuno ku Blantyre. Amene munayeserapo vutoli mukulidziwa: ikayaka popanda sikirini, chithunzi chimabwera chopanikizika, 1024x768, tsiku lina mdima wokhawokha. Excel ya malipiro umangoiona theka, kwinako uzichita kukoka ndi mausi. Monita iliyonse imauza kompyuta kukula kwa chithunzi chimene ingakwanitse kudzera mu uthenga wotchedwa EDID, ndiye pakasowa woyankha Windows imangotenga kochepa. Kapulagi aka kali ndi kachipu kosunga EDID yomweyo, kamainamiza kompyuta kuti monita ilipo. Mtengo wake sufika n'komwe pa wa monita yakaunjika.

Ndinagula, ndinatumiza pa basi, achimwene anabaya kumbuyo kwa kompyuta. Palibe chinasintha. Anazimitsa, anayatsa, anazula n'kubayanso, chimodzimodzi. Apa n'kuti kuli kumapeto kwa mwezi, anyamata a pa hadiweya akudikira malipiro. Kanabwerera pa basi yomweyo, ndalama yotumizira ndikulipira ndine.

Nditafika nako ku shopu, mnyamata amene anandigulitsa sanakagwire n'komwe. Anangoti, "Bwana, timeneti sitifa. Mkatimu mulibe choti n'kuwonongeka. Vuto ndi Windows yanu, bweretsani makinawo tiikemo yatsopano." Mtengo woikira Windows umene anatchula unali woposa wa kapulagiko kutalitali. Nditamuuza kuti kompyutayo ili ku Lilongwe ndipo ikugwira ntchito bwinobwino, anandilozera chikwangwani cha pakhoma chakuti katundu akatuluka sabwezedwa, n'kuyamba kucheza ndi kasitomala wina ngati ine ndachoka. Lisiti ndili nalo m'manja. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti ankalankhula mokweza, kuti anthu onse m'shopumo amve kuti mdala uyu sadziwa za makompyuta.

Ndinatulutsa laputopu yanga pa kauntala pomwepo, n'kubaya kapulagiko, n'kutsegula Display settings, pamene Windows imaonetsa masikirini olumikizidwa. Sikirini inaoneka imodzi, ya laputopuyo. Ndinati, "Achimwene, tatengani kena m'bokosimo tiyese pamaso pa anthuwa." Anazengereza, koma anthu anali atayamba kusuzumira. Kachiwiriko nditangobaya, sikirini inaphethira, ndipo pambali pa nambala 1 panatulukira nambala 2. Ndinazula, ndinabweza koyamba kaja, zii. Mukuganiza kuti anapepesa? Anati ndiwonjezere ndalama chifukwa mitengo yakwera ndi dola chigulireni ine. Mayi wa pa kauntala ndi amene anadula nkhani: "Apatseni bambowa, anagula kale. Kakufako kaikeni padera." Anandilembera lisiti lina osandifunsa kanthu. Akanapanda mayiwa, bwenzi ndemanga ino ili ya mtundu wina.

Mkwiyo utatsika, ndiyenera kunena zoona za kachipangizoko. Katsopanoka katafika ku Lilongwe, AnyDesk inatsegula pa 1920x1080 (imene amati 1080p) nthawi yomweyo, popanda kuika dalaivala aliyense. Mizere yonse ya Excel ikukwana, zilembo zikuwerengeka, ngakhale mapulogalamu amene kale ankangoonetsa bokosi loyera tsopano akutseguka bwino. Magetsi akathima n'kubweranso, kompyuta imadzuka ndi chithunzi chomwecho, bola mu BIOS (makonzedwe a kompyuta olowamo Windows isanatseguke) mukhale mutaiuza kuti iziyaka yokha magetsi akabwera. Sikatentha, sikafuna chingwe, ndi kakang'ono ngati chala chamanthu.

Nyenyezi yachisanu ndaimana chifukwa cha "4K" yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa paketi. Inde 3840x2160, imene ndiyo 4K, imaoneka pa mndandanda, koma pa 17Hz, kutanthauza kuti chithunzi chimasintha ka 17 kokha pa sekondi, ndipo zimenezi anazilemba kumbuyo ndi tizilembo toti upeze kaye magalasi. Mausi imayenda modumphadumpha. Komanso 4K ndi madontho ochuluka kanayi kuposa 1080p, onsewo adutse pa netiweki yathu ino. Ndinangoyesa pang'ono, bandulo inayamba kusungunuka ndikuona. Pa ntchito ya maakaunti 1080p ndi yokwanira, netiweki ikavuta ndimatsitsa mpaka 1280x720.

Chinanso chimene wogulitsa sangakuuzeni: mukalumikiza monita yeniyeni kapena TV pa doko lina kapulagiko kali pomwepo, Windows imakatenga ngati sikirini yachiwiri, mapulogalamu ena n'kumakatseguka kumalo kumene simukuona. Achimwene zinawachitikira atabwereka monita kwa aneba, anandiimbira kuti mafayilo asowa. Dinani batani la Windows pamodzi ndi P, musankhe Duplicate, zatha. Ndipo ngati kompyuta yanu ili ndi Windows Pro, musawononge ndalama, Remote Desktop, pulogalamu ya Windows yolowera kompyuta uli kutali, imadzipangira yokha sikirini yofanana ndi ya kumene mwakhala. Yathu ndi Home, siilola kulowedwa mwa njira imeneyo, n'chifukwa chake ndinafika pogula kapulagi.

Gulani, koma pitani ndi laputopu mukayesere pa kauntala pomwepo musanapereke ndalama, chifukwa m'bokosi limodzi muli tamoyo ndi takufa. Ndalama ya basi imene ndinataya potumiza kakufa kaja n'kukabwezanso sanandibwezere, ndipo mnyamata uja mpaka lero ndikadutsa pa shopupo amayang'ana kumbali.