Botolo lakale la vinyo: siliva weniweni kapena EPNS?

Mabotolo akale agalasi a ku Britain ambiri ali ndi mkombero wonyezimira pakhosi. Wina ndi siliva weniweni, wina ndi chitsulo china chimene anangochikutira siliva pamwamba, chotchedwa EPNS (chidule cha Electroplated Nickel Silver).

Yang'anitsitsani zidindo zake, chifukwa n'zazing'ono kwambiri. Pa siliva weniweni wa ku England nthawi zambiri pali mkango woyenda, chilembo cha chaka, zilembo za dzina la wopanga ndi chizindikiro cha mzinda: mutu wa kambuku ndi London, nangula ndi Birmingham. Wokutirawo nthawi zambiri amangolembedwa EPNS, ndipo chaka n'chovuta kuchidziwa.

Mtengo: weniweni ndi wodula, EPNS ndi wotsika.
Kulimba: weniweni amapirira kupukuta, EPNS amasupuka m'mbali, chitsulo chapansi n'kuonekera.

Ngati mumasonkhanitsa zakale, sankhani wa mkango. Ngati mukufuna chokongoletsera tebulo, EPNS akukwanirani, bola galasilo lisakhale long'aluka.