Kachipangizo koteteza magetsi a galimoto: mmene kandithandizira chigulireni

Achimwene ena a ku Rosettenville afunsa ngati surge protector (kachipangizo koteteza magetsi akakwera mwadzidzidzi) yomwe ndinamangitsa pa batire chisanu chisanayambe inali yoyenera ndalama zake. Ndiyankhe pano kuti ena amve nawo.

Pa ntchito yomwe anakapangira, kachipangizoka sindikudandaula nako. M'nyengo yozizira ya June ndi July mabatire amafa kwambiri kuno ku Johannesburg, ndipo ndalizitsa magalimoto a anzanga ambiri ndi mawaya popanda fyuzi kupsa. Ekizozi anawotcherera ku Booysens, wailesi ndi kompyuta ya galimoto zili bwinobwino, ngakhale kuti waya wa negative ndinauzabe makaniko kuti achotse.

Vuto linabwera mwanjira ina. Mababu akutsogolo anayamba kupsa pafupipafupi, ndikasintha lero, sabata yamawa lina lapita. Kenako tsiku lina pa M1 ndinamva fungo ngati la mazira oola. Kamita kotchipa koyezera mphamvu ya magetsi komwe ndimabaya poyatsira fodya kankaonetsa 16V. Injini ikamalira, alternator (chipangizo chotchaja batire) yabwino imapereka pakati pa 13.8V ndi 14.4V basi. Ndinapatuka n'kuzimitsa pomwepo, batire itatentha moti sungaigwire. Makaniko anapeza kuti regulator ya mu alternator, yomwe imaletsa magetsi kupyola muyeso, yafa, ndiye magetsi ankangosefukira.

Apa mpamene ndinapsa mtima. Bambo amene anandigulitsa kachipangizoka kusitolo anandiuza kuti ndikangomanga, chilichonse cha magetsi chatetezeka. Si zoona. Kachipangizoka kamameza magetsi okwera mwadzidzidzi kwa kanthawi kochepa kwambiri, monga pamene waya wa batire wachoka injini ikulira, kapena pochotsa mawaya olizitsira. Magetsi akakwera n'kukhala pomwepo ulendo wonse, sikangachite kanthu. Kanga kanapsa, kagetsi kake kobiriwira n'kuzima. Chomwe chinapulumutsa kompyuta ya galimoto ndi kamita kaja, komwe mtengo wake sufika ngakhale theka la mtengo wa protector.

Regulator, batire yatsopano ndi mababu zinadya ndalama zomwe ndinasungira kutumiza kumudzi mwezi umenewo. Zinandiwawa kwambiri, ndipo masiku oyamba ndinkauza aliyense kuti asagule. Mtima utatsika ndikuona kuti kwa ife olizitsa magalimoto a anthu kawirikawiri, kali ndi ntchito ndithu, bola pakhalenso kamita.

Nditabwerera kusitolo, bamboyo anayamba ndi kukana, amvekere ndawononga ndekha. Ndinatulutsa lisiti n'kuwakumbutsa kuti lamulo la kuno ku South Africa loteteza ogula, la Consumer Protection Act la 2008, limapatsa wogula miyezi 6 yobweza katundu amene sakugwira ntchito yomwe anamugulira, ndipo wogula ndi amene amasankha kukonzeredwa, kusinthiridwa kapena kubwezeredwa ndalama. Tinakangana ndithu, koma pomaliza anandipatsa kena katsopano. Za batire anakanitsitsa, ndipo mpaka lero sanavomere kuti anandilonjeza zomwe katundu wawo sangachite. Katsopanoko ndamangitsa, koma ndalama yanga sidzalowanso m'sitolo imeneyo.