Kashopu kotayipa mayeso pafupi ndi mlatho

Ndimaphunzitsa masamu, ndipo kutayipitsa mayeso a Fomu 2 kumandidwalitsa mutu teremu iliyonse. Ulendo uno ndinayesa kashopu kena kotayipa ndi kusindikiza, kufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi ku Mangochi. Pepala loyamba linandipsetsa mtima. Pomwe ndinalemba ×, mnyamata wapamakinapo anaika chilembo x, funso la aljebra n'kusokonekeratu. x² yanga inasanduka x2!

Nditadandaula, achemwali oyang'anira shopuyo anandikokera mpando. "Aphunzitsi, tayatsani batani la Num Lock, mugwire la Alt, mulembe 0215 pa manambala akumanjawa." Chizindikiro chochulukitsa chija chinatulukira pomwepo. Chogawa ÷ ndi 0247, cha madigiri ndi 0176, ka 2 kam'mwamba ndi 0178. Ma fraction ndi square root amadina Alt ndi = mu Word, kenako pamabwera kabokosi kolembamo masamu mwaukhondo. Mosawapempha anandionetsanso ŵ wa mu Malaŵi: mulembe 0175, mudine Alt ndi X. Zaka zonsezi ndimangokopera kwina.

Chondinyong'onya ndi kiyibodi yawo ina. Mabatani ake ndi a ku UK koma kompyuta anaitchera ya ku America, ndiye ukafuna " pa Shift ndi 2, ikukupatsa @. Jenereta alibenso, magetsi akazima umangokhala thukuta kamukamu ndi dzuwa la kuno. Mayeso a Fomu 4 ndawasiyira kale Lolemba.