Malegeni a mapaundi 12 amene andibwezera ntchafu

Kwathu ku Ntcheu malegeni ndi omangira thumba la chimanga pakaliyala wa njinga. Ndiye tsiku limene mayi wa mafizo kuno ku Leicester, ku England, ananditulutsira lamba wa mphira n'kunena kuti ndizimukoka ndi miyendo, ndinaseka. Ine ndinkayembekezera makina.

Ndimadwala Crohn's, matenda otupitsa matumbo. Anthu akamva amangoganiza za kuthamangira kuchimbudzi, ndipo sakunama, koma ine chimene chinandiopsa ndi ntchafu. Matendawa atavuta anandipatsa prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa, 40 mg patsiku, n'kumachotsako 5 mg mlungu uliwonse kwa milungu 8. Zimenezi zinachitika kawiri m'chaka chimodzi. M'mimba munakhala bata, masaya anafufuma ngati mandasi, miyendo n'kufota. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. Masana ndinkadzutsa agogo a zaka 90 pampando, madzulo ineyo n'kumadzuka pasofa nditagwira m'maondo. Basi yosanjikizana ija, pamwamba ndinasiya kukwerapo.

Adokotala anandiuza kuti mankhwalawa amafooketsa minofu ikuluikulu ya m'chiuno ndi m'ntchafu, komanso amachedwetsa thupi kumanga fupa latsopano. Kutupa kwa matumboko nako kumachititsa kuti fupa lizidyeka msanga, ndipo matumbo aang'ono akatupa kumapeto kwake, kumene Crohn's imakonda kukhala, vitamini D salowa bwino m'thupi. Kuwonjezera apo, dzuwa la kuno kuyambira Okutobala mpaka Malichi ndi longowala chabe, silipangitsa khungu kupanga vitamini ameneyu, ndipo ife akhungu lakuda timapanga wochepa ngakhale m'miyezi yotentha. Anandijambula mafupa pa DEXA, makina oyeza kulimba kwa mafupa, m'chiuno ndi kumsana, nditagona chagada mphindi ngati 15. T-score ya msana, nambala yosonyeza kulimba kwa fupa, inatuluka -1.8. Pakati pa -1 ndi -2.5 amati mafupa ayamba kupepuka, ikafika -2.5 kapena kutsikirapo ndiye osteoporosis, matenda a kufooka kwa mafupa. Ndinali ndi zaka 38 zokha.

Malambawo ndinagula paintaneti, asanu m'kathumba kamodzi, ozungulira ngati nkhata, kuyambira wachikasu wofewa mpaka wakuda wouma gwa. Kapepala kamene kanali m'katimo kali ndi zithunzi za anyamata odzitukumula zifuwa, kopanda ntchito kwa munthu wodwala. Ndinakataya n'kutsata zimene anandilembera mayi wa mafizo uja: lamba pamwamba pa maondo, kukhala pampando n'kudzuka osagwira, kakhumi, kuyenda cham'mbali ngati nkhanu kuchokera pafiriji kukafika pasinki, ndi kumukoleka kumwendo wa bedi n'kumakoka ndi manja ngati wopalasa bwato.

Zodandaula zilipo. Mphira wake ndi wopyapyala, amapindika n'kusanduka chingwe, n'kumatsina. Munthu amene wamwa prednisolone khungu lake silichedwa kubiriwira, ndiye mlungu woyamba ntchafu zanga zinali mikwingwirima yokhayokha mpaka ndinaphunzira kuvala thalauzi yokhuthala. Fungo la mphira linatenga masiku kuti lithe. Wachikasu anaduka pa miyezi iwiri n'kundikwapula pakatumba, ngakhale pamenepo mlandu wina ndi wanga, ndinkamusiya pafupi ndi hita. Ndikanati ndikugulanso lero, a m'ntchafu ndikanatenga ansalu, amene sapindika.

Koma ubwino wake waukulu, umene ogulitsa salemba n'komwe, ndi uwu: chimbudzi chili pafupi. Jimu ndinalipirapo miyezi itatu n'kupitako kanayi, chifukwa ukakwera pamakina othamangira m'mimba mukayamba kupotokola, mtima umangokhala pakhomo la chimbudzi, kaya muli munthu kaya mulibe. Kunyumba ndimasiya lamba pansi, ndikupita, ndikubwera, n'kupitiriza pamene ndinalekera. Tsiku lofooka ndimatenga wobiriwira n'kuchita kasanu basi. Tsiku labwino, wabuluu, ndipo ndimatha madzi a nsima asanawire. Katatu pamlungu. Patatha miyezi inayi ndinangoona ndadzuka pasofa kapu ya tiyi ili m'manja, osagwira kalikonse.

Za mafupa sindingawanamizire malambawa, pakuti DEXA yachiwiri sinafike. Ndikumwabe mapiritsi a kashiamu ndi vitamini D, motalikitsana ndi owonjezera magazi chifukwa kashiamu amatsekereza ayironi. Achemwali amanditumizira usipa, ndimausinja n'kumawaza mu ndiwo, poti wathunthu umandikala m'mimba mukatupa. Amene mafupa anu a msana afooka kale, musayambe kuwerama n'kumakoka mwamphamvu musanaonane ndi a mafizo.

Wakuda uja mpaka lero sindimutha. Ndinamangira chivundikiro cha bini panja, mphepo ya kuno isamachitenge.