Miyezi isanu ndi itatu ndikuwerenga nthano za milandu ndi zophikaphika

Nditangoyamba kuwerenga mabuku a nthano zofufuza milandu ya kuphana, amene nkhani yake imachitikira m'khitchini kapena m'sitolo yophikira makeke, ndinalemba kuti ndi ongotayira nthawi ndipo sayenera kusungidwa. Patha miyezi isanu ndi itatu, ndawerenga mabuku 11 a mtunduwu mosinthanitsa ndi nthano zozama, ndipo mawu aja ndikuwabweza, ngakhale si onse.

Mabukuwa ali ndi mwambo wawo. Munthu amafa ndithu, koma magazi saonetsedwa, ndipo wofufuza si wapolisi koma mayi wamba wodziwana ndi aliyense m'tauni yaing'ono, monga analili Miss Marple wa m'mabuku a Agatha Christie; buku loyamba lalitali la Miss Marple linatuluka mu 1930. Diane Mott Davidson anabweretsa Goldy, wophikira anthu pa maphwando ku Colorado, mu 1990, ndipo Joanne Fluke anatsatira mu 2000 ndi Hannah Swensen wa ku Lake Eden, tauni yopeka ya ku Minnesota. Onse awiri amaika malangizo a kaphikidwe m'kati mwa nkhani.

Malangizowo si okongoletsera chabe. Ndinayesa a mabisiketi a chokoleti, nditasintha madigiri 350 a Fahrenheit kukhala pafupifupi 177 a Celsius, ndipo anapsa bwino, ofewa pakati, olimbako m'mbali. Tsamba limenelo lili ndi banga la batala mpaka lero, ndipo bukulo likangotsegulidwa limagwera pomwepo.

Chofooka chawo ndinachiona nditawerenga atatu motsatizana. Pofika lachitatu ndinali nditadziwa kuti wakupha ndi munthu waulemu uja amene anangodutsa koyambirira, ndipo kuzengereza kwa Hannah posankha pakati pa dokotala wa mano ndi wapolisi, buku ndi buku, kunanditopetsa kwenikweni. Amene akufuna kuwakonda asamawaunjike.

Ubwino wawo weniweni unaonekera pamene ndinawaika pambali pa nthano zozama. Buku la Laura Esquivel wa ku Mexico, lotchedwa Como agua para chocolate, lotuluka mu 1989, lili ndi mitu 12, mutu uliwonse ndi mwezi wake ndi chakudya chake, koma mmenemo chakudya chimalankhula zimene pakamwa paletsedwa kunena. Tita, mtsikana wa m'nkhaniyo, akulira pokonza keke ya ukwati wa mkulu wake ndi mwamuna amene iye mwini amamukonda, misozi ikugwera mu ufa wokandidwawo, ndipo onse odya kekeyo akugwidwa ndi chisoni chosaneneka. Nditamaliza mutu umenewo ndinatseka buku, ndipo tulo sitinabwere msanga. Patapita sabata ndinali ndisanathe kuyamba lina lolemera chotero, koma mtima unkafunabe kuwerenga, ndipo m'masiku oterowo ndi Goldy ndi Hannah amene anandisunga, popeza kwa iwo wolakwa amagwidwa, anthu amakhala pansi kumwa khofi, ndipo woferedwa amapatsidwa chakudya chotentha.

Tsopano ndimawerenga limodzi lopepuka pambuyo pa lozama lililonse, makamaka usiku, mitu iwiri kapena itatu ndisanazime nyale. Mwa 11 aja ndasunga asanu, atatu m'chipinda chogona ndipo awiri m'khitchini, pafupi ndi uvuni.